Tsiku Limene a Malunga Anavula Kamera

Ndikawakumbukira a Malunga, mphuno zanga zimadzaza ndi fungo la polishi wa nsapato losakanikirana ndi la chikopa chakale, pakuti m'chipinda chawo chochezera, pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri ya nyumba zathu za ku Thamesmead, zinthu ziwiri zinkapukutidwa tsiku ndi tsiku mosalephera: nsapato zawo zakuda ndi chikwama cha kamera. Ankakhala pampando wa pawindo atayala nyuzipepala pamiyendo, hita ikung'ung'udza pakona, mphepo ya kumtsinje ikuimba mluzu m'mphepete mwa galasi, ndipo pansi kutali, pa udzu wa pakati pa nyumbazo, mahatchi amene eni ake sitinkawadziwa ankadya atamangidwa zingwe, mvula ikuwanyowetsa misana. Ine ndinkakhala pa kapeti, n'kumawapatsira kansanza akakafuna.

Ndiyenera kufotokoza poyamba kuti a Malunga sanali agogo anga a magazi. Anali a khomo loyandikana ndi lathu. Ine ndi mayi anga tinafika ku London ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo anga atamwalira kale, ndipo mayi anapeza ntchito ku nyumba yosamalira okalamba ku Woolwich, kumene ankagwira ngakhale Loweruka. Pa chifukwa ichi, ndikaweruka kusukulu ndinkagogoda kwa a Malunga, ndipo ankanditsegulira atamanga tayi ngakhale analibe kopita. Kwathu anali kalaliki wa mu ofesi, wochokera ku mapiri a ku Dedza. Anathawa m'nthawi ya chipani chimodzi, atasiya mkazi ndi mwana wakhanda, ndipo ngakhale zinthu zinali zitasintha kale pamene ine ndinkawadziwa, iwo sanabwerere. Chichewa cholemba ndinachiphunzirira pa tebulo lawo, pokopera makalata awo akale.

Udindo wawo pakati pa Amalawi a mumpingo wathu unali wojambula zithunzi zotumiza kumudzi. Masiku amenewo munthu akafuna kuti abale ake akhulupirire kuti ali moyo ndiponso kuti zikumuyendera, ankatumiza chithunzi. Choncho Lamulungu mapemphero akatha, anthu ankandanda panja pa holo imene tinkabwereka, atavala majasi awo abwino koposa, ena atatsamira galimoto imene mwini wake sankamudziwa n'komwe, ndipo a Malunga ankawajambula mmodzimmodzi, modekha, akuwauza kuti akweze chibwano. Kamera yawo inali yakuda, yachitsulo, yolemera ngati njerwa ziwiri, ndipo pamwamba pake ankamangirirapo fulashi imene inkalira kaphokoso kakang'ono isanang'anime. Zithunzi zikatsukidwa ku sitolo, ntchito yanga inali yolemba kumbuyo kwake dzina la mwini ndi la wolandira, iwo akuyang'ana chilembo chilichonse. N'chifukwa chake ankanditcha kuti a Kalaliki, ndipo sanandiitanepo ndi dzina lina.

Pa ntchitoyi anali ndi malamulo. Manegetivi onse, tizidutswa ta filimu totsukirapo zithunzi, ankawabweza kwa eni ake, ndipo mwini akati sakuwafuna, ankawadula ndi lumo iye akuona. Lamulo lalikulu linali lakuti iwo eni asajambulidwe. Munthu wina akangokweza kamera, a Malunga ankatembenuka n'kutsitsa chipewa kumaso. Ankanena kuti, "Chithunzi chimakafika kumene mwini wake sanachitume."

Chifukwa chake ndinachimva kamodzi kokha, kwa mayi anga, akusita yunifolomu yawo. Anati a Malunga atangofika kuno anajambulidwa pa msonkhano wina wa anthu othawa kwawo, chithunzicho chinakafika kumudzi m'njira imene palibe anaidziwa, ndipo patapita milungu yochepa anthu ena anabwera pa galimoto kudzatenga mng'ono wawo. Mng'onoyo anabwerako patatha zaka, ali wodwala, ndipo sanakhalitse. Zonsezi a Malunga anazimva kudzera m'kalata. Mayi anandichenjeza kuti ndisadzawafunse, ndipo sindinawafunse.

Nkhani imene ndikufuna kulemba inachitika ndili ndi zaka khumi. Komiti ya mpingo inalengeza kuti m'chilimwe tidzabwereka basi n'kupita ku paki ya zisangalalo ya kuzambwe kwa London, ndipo mwana aliyense anapatsidwa kapepala ka zithunzi za malowo. Pa zonse zimene zinali m'kapepalamo, mtima wanga unagwa pa chimodzi: bwato looneka ngati chipika, limene linkakokedwa ndi tcheni kukwera pamwamba, kenako n'kutsetsereka kukagwera m'madzi, anthu akukuwa manja ali m'mwamba. Pansi pake panalembedwa kuti mwana wosafika msinkhu wakutiwakuti ayenera kukwera ndi munthu wamkulu. A Malunga anandiimika pa felemu ya chitseko, nandiyeza ndi tepi yosokera, ndipo anapeza kuti ndinkaperewera ndi zala ziwiri.

Mayi anga sakanatha kupita, pakuti linali Loweruka la ntchito. Analemba kalata ku komiti yonena kuti pa ulendowu wondiyang'anira adzakhala a Malunga. Makolo ena onse anali ndi ana awoawo okwera nawo. Motero nkhani inaima chonchi: a Malunga akanyamula kamera, sakwera bwato, chifukwa kamera ndi madzi sizigwirizana, ndiponso iwo sanaisiyirepo munthu aliyense m'manja, akapanda kukwera iwo, inenso sindikwera.

Lachisanu masana a Malunga ananditumiza kukatenga pepala ndi rula. Anaika kamera pakati pa tebulo, nandiuza kuti ndidule mzere pakati pa pepalalo, kumanzere ndilembe zifukwa zonyamulira, kumanja zifukwa zosiyira.

"A Kalaliki, lembani. Choyamba, mpingo wonse ukuyembekeza zithunzi. A Nachisale andiimbira kale kawiri."

A Nachisale anali mayi wa mvano, wamkulu thupi, amene ankaseka asanamalize nkhani yake. Ndinalemba.

"Chachiwiri, munthu akapita ku malo otere wopanda kamera, manja ake amawaika pati?"

"M'thumba, agogo."

"Simunafunsidwe inu. Lembani."

Kumanja anandilembetsa kuti kamerayo njolemera ndipo phewa lawo lakumanzere linali litayamba kudandaula. Anandilembetsanso kuti madzi ndi mdani wake. Kenako anayamba kuzunguliza chivindikiro cha diso la kamera ndi chala.

"Ndilembenso za bwato?" ndinafunsa.

"Lembani kuti: pempho la a Kalaliki."

"Agogo, pa kapepala alemba kuti kuli timakabati tosungiramo katundu. Mumatseka nokha, kiyi n'kutenga."

"Makiyi a kabati imodzi alipo angati?"

"Sindikudziwa."

"Ali ndi ndani enawo?"

"Sindikudziwa, agogo."

"Ndiye simukudziwa," anatero, napinda pepala lija kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. "Pempho lanu lalandiridwa, ndipo liganiziridwa. Yankho mulimva mawa."

Yankho ndinaliona asanalinene. Loweruka m'mawa tinasonkhana pa siteji ya basi, mayi atandipatsa mazira owiritsa anayi ndi buledi m'pepala lapulasitiki, ndipo a Malunga anatulukira pa ngodya atavala suti yawo yotuwa, chipewa kumutu, lamba wa kamera atadutsa pachifuwa, chikwama chikugunda m'chiuno pa phazi lililonse.

"Eee, afika a boma!" anakuwa a Nachisale. "Lero tijambulidwa mpaka masaya atope. A Malunga, ine mundijambule cham'mbali, kumudzi asaone kuti ndanenepa, angayambe kupempha."

Iwo anavula chipewa kupereka moni, koma ine sanandiyang'ane. Anangondipatsa kope ndi pensulo zolembera maina. M'basi anakhala pafupi nane, ndipo titawoloka mtsinje anatulutsa switi ya minti m'thumba nanditambasulira. Ndinati ndakhuta. Anaibweza m'thumba.

Pakiyo inali ndi fungo la anyezi wokazinga ndi shuga wopserera, ndipo kulikonse kumene munthu ukanatembenukira kunali kulira kwa zitsulo ndi kukuwa kwa anthu amene ankaponyedwa m'mwamba mwa kufuna kwawo. Ana a mumpingo, amene ambiri anabadwira konkuno ndipo ankalankhula Chingerezi chothamanga chimene ine ndinali ndisanachigwire, anabalalika awiriawiri, makolo akuwathamangira. A Malunga anasankha benchi ya pansi pa mtengo, moyang'anana ndi bwato lija. Pasanathe theka la ola amayi onse anali atawaunjikira zikwama, majasi ndi mafulasiki a tiyi kuti asunge, popeza ankadziwa kuti iwo sachoka. Banja likatsika pa choseweretsa china linkabwera kudzajambulidwa. "A Malunga, apa, chinsanja chija chioneke kumbuyo." "A Malunga, dikirani, mwanayu apukute kaye mamina." Fulashi inkalira, kenako n'kung'anima, ine n'kulemba dzina m'kope. Pakati pa banja lina ndi linzake tinkangokhala awiri, tikuyang'ana mabwato akugwa limodzi ndi limodzi, madzi akufalikira mpaka pa mpanda.

Cha m'ma 3 koloko ndinaganiza zoyesa ndekha. Ndinapinda mapepala a buledi n'kuwaika m'nsapato kuti nditalikeko, ndipo ndinaima pa mzere pafupifupi ola lathunthu, kumbuyo kwa banja la azungu limene bambo wake ankanyamula mwana paphewa. Nditafika pa geti, mnyamata wa ntchito anandiimika pafupi ndi ndodo yoyezera, nayang'ana pamwamba pa mutu wanga, kenako kumbuyo kwanga.

"Where's your grown-up, mate?" anafunsa.

Ankafuna kudziwa kumene kunali wamkulu wondiperekeza. Ndinaloza ku benchi, kumene a Malunga ankaoneka aang'ono pakati pa mulu wa zikwama. Mnyamatayo anapepesa, nanditsegulira kachitseko ka m'mbali. Ndinabwerera motsatira mzere wonse uja, anthu akundipatuka.

Ndinakhala pa benchi n'kuyamba kusenda dzira. Sindinalire, ndipo ndikufuna kuti zimenezi zidziwike.

"Zatheka?" anafunsa a Malunga.

"Sizinatheke."

"Chifukwa?"

"Zala ziwiri zija."

Anayang'ana nsapato zanga, mmene pepala linkasuzumira kuchidendene. Anayang'ana wotchi yawo. Basi inkayenera kunyamuka 5 koloko. Kenako ndinamva phokoso limene ndinkalidziwa bwino, la kachitsulo kobwezera filimu m'chigoba chake, ndipo ndinadabwa, chifukwa malinga ndi kope langa filimuyo inali itatsala ndi zithunzi zisanu ndi zinayi, ndipo a Malunga sanatayepo ngakhale chimodzi. Anatsegula kumbuyo kwa kamera, natulutsa filimu, naikulunga m'pepala langa lapulasitiki la mazira, n'kuiika m'thumba la m'kati la jekete pamodzi ndi mafilimu awiri amene anali atadzaza kale. Atatero anaimirira, nakweza lamba kudutsa pamutu, naitana a Nachisale amene ankabwera akunyambita ayisikilimu.

"Mayi, ndikupempha kuti mundisungire katundu uyu. Musatsegule, musadine paliponse, musaike pansi."

"Abale inu, bwerani mudzaone! A Malunga avula kamera! Kugwa matalala lero." Anailandira ndi manja awiri ngati khanda. "Nanga mukamira m'madzimo ndikagulitse, kapena tikakuikeni nayo?"

"Filimu ndatenga," anatero a Malunga. "Chatsalacho ndi chitsulo chabe."

Pamene tinkayenda kupita ku mzere, ndinaona kuti pa malaya awo panali mzere wa thukuta pamene lamba ankadutsa. Manja awo anasowadi pokhala. Anawaika m'thumba, nawatulutsa, nawaika kumbuyo, nakonza tayi amene anali wowongoka kale. Pomaliza dzanja lina linapeza langa n'kuligwira. Chiyambire kudziwana, kameneka kanali koyamba.

Mzere unali utafupika. Mnyamata wa pa geti anandizindikira, namwetulira, natilowetsa. Ine ndinakhala kutsogolo, a Malunga kumbuyo kwanga, mawondo awo akundipanikiza m'nthiti, dzanja limodzi litagwira chitsulo, lina litagwira chipewa. Pansi pa bwato panali madzi ofika m'mapazi, ndipo ndinamva akupuma mozama pamene nsapato zopukutidwa zija zinkalowa m'menemo. Anandiuza kuti chibadwire sanakwerepo bwato, pakuti kwawo mitsinje ankaiwoloka podumpha miyala. Tcheni chinayamba kutikoka, khwekhwerere khwekhwerere, mitengo inatsika pansi pathu, ndipo pamwamba ndinaona minda yobiriwira kutali, ndi msewu waukulu wodzaza magalimoto osamveka phokoso.

"Ambuye, tilandireni," ananong'ona a Malunga.

Tinagwa. Mphepo inanditseka pakamwa, kuwala koyera kunang'anima cha kumanja, ndipo madzi anatimenya kumaso ngati munthu watikhuthulira ndowa. Ine ndinkaseka mpaka kutsamwa. Nditatembenuka kuti ndione ngati iwonso akuseka, ndinapeza nkhope yawo itauma, madzi akutsika m'mphepete mwa chipewa.

"Ndani wajambula?" anafunsa.

Munthu amene wagwira fulashi zaka makumi atatu sangaisokoneze ndi kuwala kwina.

Njira yotulukira inkadutsa pa kanyumba kamene pakhoma pake panali mawailesi a kanema asanu ndi limodzi, ndipo pa iliyonse pankaoneka chithunzi cha bwato limene langogwa kumene, nambala ili pansi. Anthu ankaima n'kumalozerana, akuseka. Pa wailesi yachitatu panali ife. Ine pakamwa pali yasa, maso otseka. Kumbuyo kwanga a Malunga, tayi ataulukira paphewa, dzanja lili pa chipewa, maso ali tong'o, nkhope yonse ili poyera pamaso pa anthu osawadziwa.

Anapita pa kauntala, madzi akudontha m'suti. Panali mtsikana wa tsitsi lofiira, akutafuna chingamu. Anamulankhula m'Chingerezi chawo cha mu ofesi, chimene ndichimasulira motere.

"Mayi, ndikufuna kudziwa amene walamula kuti ndijambulidwe."

"Palibe, bambo. Ndi makina. Amajambula aliyense."

"Zithunzizo zimatumizidwa kuti?"

"Sizipita kulikonse. Mukafuna mugula, mukapanda kufuna madzulo zifufutika zokha."

"Ndikupempha negetivi yake."

"Kulibe negetivi, zili m'kompyuta."

"Ngati zili choncho, mundilembere kalata yotsimikiza kuti zifufutika, ndipo musainire."

Mtsikanayo anasiya kutafuna. Anandiyang'ana ine, nandifunsa motsitsa mawu ngati agogo angawo ali bwinobwino. Ndinachita manyazi, komabe m'kati mwa manyaziwo munali kachimwemwe, chifukwa anali atawatchula kuti agogo anga popanda womuuza.

Pamenepo n'kuti a Nachisale atafika, kamera ili pachifuwa pawo. Ataona chithunzicho anaseka mpaka kugwira mawondo.

"A Malunga, zinatha kalekale zimenezo! Kwathu anthu akutukwana boma pa wailesi masiku ano. Ndani angataye nthawi kulondola nkhalamba yonyowa ngati nkhuku?"

"Mayi," anatero a Malunga m'Chichewa, osakweza mawu, "inu simunalandirepo kalata imene ndinalandira ine."

Kuseka kwa a Nachisale kunathera pomwepo.

A Malunga anatulutsa chikwama cha ndalama nagula chithunzicho. Pamene makina ankachisindikiza, pa wailesi yachitatu panabwera banja lina, la bwato lotsatira. Iwo anapuma mpweya wautali.

"Mwaona, a Kalaliki? Achotsa."

Ine ndinali nditaona kale kuti zithunzi zonse zinkasinthika zokha bwato lina likagwa, kaya munthu wagula kaya ayi. Sindinawauze. Analandira chithunzicho chili m'chikuto chake cha katoni, ndipo osachitsegula anachilowetsa m'thumba la mafilimu lija.

"Agogo, ndione nawo."

"Nkhani imeneyi yatsekedwa."

Pobwerera anakhala pa windo, kamera itabwerera pakhosi, dzanja lili pa thumba, mpando utanyowa pansi pawo. Ana ena ankaimba kumbuyo. Titayandikira Woolwich anatulutsa switi ija, pepala lake litanyowa n'kumatirira, nanditambasulira kachiwiri. Ndinalandira.

Za bwato sitinakambiranenso. Ine ndinkakhulupirira kuti chithunzicho anachidula ndi lumo, monga ankachitira ndi manegetivi. Ndinakula, ndinasiya sukulu msanga, ndinayamba ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo maulendo anga a pa khomo lawo anachepa, kuchoka pa tsiku lililonse kufika pa mwezi kamodzi. Anthu anagula mafoni ojambula, mzere wa panja pa holo unatha, koma iwo ankabwerabe ku mapemphero kamera ili pachifuwa, n'kukhala kumbuyo, popanda wowaitana.

Atamwalira, komiti inafuna chithunzi choika pa pologalamu ya maliro. Anafunsa nyumba ndi nyumba. Panalibe banja mumpingo limene linalibe zithunzi zojambulidwa ndi a Malunga, ndipo zina zinali zitapachikidwa m'makoma a midzi imene iwo sanaipondepo, koma cha iwo eni sichinapezeke. Pa pologalamu anasindikizapo duwa. A Nachisale analigwira pepalalo nthawi yaitali, akupukusa mutu.

Kamera anandisiyira ine, mwa kalata yolembedwa ndi kusainidwa bwino lomwe. Patatha mlungu chiikireni maliro, ndikupukuta chikwama chake monga ankachitira iwo, ndinamva chinthu cholimba pansi pa nsalu ya m'kati. Inali envulopu yomatidwa masitampa akale, koma yosatsekedwa. Pamwamba panali dzina la Esinala Malunga, ndi keyala ya sukulu ina ya ku Dedza. M'kati munali chithunzi chija, m'mphepete mwake mutakhala banga la madzi. Kumbuyo kwake analemba ndi dzanja lawo, ndipo ndikukopera monga zilili:

"Wokondedwa mwana wanga Esinala, ndikukudziwitsa kuti wa chipewayo ndine bambo ako. Wa kutsogoloyo ndi mwana wa oyandikana nawo, ndipo ndi wamakhalidwe abwino. Sindinkaopa monga zikuonekeramu. Ndine, E. Malunga."

Chimene chinawaletsa kuiponya sindichidziwa. Bokosi la makalata linali pansi penipeni pa nyumba zathu, ndipo ankalidutsa tsiku lililonse. Ine ndinaonjezera masitampa n'kuitumiza. Patatha miyezi inayi inabwerera, munthu wina atalemba pamwamba ndi cholembera chofiira kuti sakudziwika kuno.

Chimene chandichititsa kulemba zonsezi ndi ulendo wa mawa. Ndili ndi mwana mmodzi, Tadala, wa zaka khumi. Ine ndi mayi ake tinasiyana, ndipo iye amakhala nawo ku Ilford; malinga ndi mgwirizano wathu, ndimakamutenga Loweruka limodzi pa awiri aliwonse. Masiku onse amenewa ndimanyamula kamera ya a Malunga, pakuti filimu ikupezekabe, ndipo khoma la chipinda changa ladzaza Tadala: Tadala pa msika wa Woolwich, Tadala m'sitima, Tadala akudya tchipisi. Masiku khumi ndi atatu otsalawo ndimakhala ndi zithunzizo. Mawa ndinalonjeza kupita naye ku paki yomwe ija, ndipo bwato likadalipo.

Masana ano ndinamuimbira kuti tigwirizane nthawi. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi.

"Dad, are you bringing Agogo's camera?" anafunsa, kufuna kudziwa ngati ndinyamula kamera ija.

"Iwe ukufuna ndinyamule?"

Anati palibe vuto, ndikhoza kunyamula, iye akwera yekha. Anati anadziyeza kusukulu ndipo msinkhu wake wakwana, sakufunikanso wamkulu womuperekeza. Ine ndikhoza kumudikira pa benchi.

Nditadula foni ndinatenga pepala ndi rula, ndipo ndinadula mzere pakati. Kumanzere zifukwa zonyamulira kamera zinadzaza mpaka pansi, ndipo zonse n'zomveka. Kumanja, kwa zifukwa zoisiyira, ndinalemba chimodzi chokha, chakuti palibe pempho limene laperekedwa, ndipo mwina silidzaperekedwanso.

Kamera ndaitulutsa m'chikwama, ili pa tebulo, ndaiphimba ndi kansalu. Chikwama chokhacho ndicho ndinyamule, ndachipukuta kale, ndipo ndaikamo majasi a mvula awiri, mazira owiritsa anayi, maswiti a minti ndi cholembera. Manja sindikudziwa kuti ndikawaika pati. Makina aja akakatijambula ndikagula chithunzicho, ndikalemba kumbuyo kwake tili m'sitima kuti wa kumbuyoyo ndine bambo ako, ndipo ndikamupatsa m'manja tisanafike ku Ilford, popanda envulopu.